Kosita ya hayala isanatsike Khwekhwerere, iyenera kukhala ndi mapepala ati?

Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka nyengo ya Khirisimasi, Loweruka mbandakucha pa Dedza boma pamanyamuka magalimoto a hayala. Ena atenga ana asukulu okaona zojambula za m'mapanga a Chongoni kapena nyumba ya zachikhalidwe ku Mua, ena atenga kwaya kapena amayi a Chigwirizano, ena gulu la banki mkhonde lomwe lagawana ndalama n'kugwirizana kuti chaka chino tikaone nyanja. Komiti ikakhala pansi kukonza ulendo wotere, nkhani imazungulira pa mafunso awiri basi: galimotoyo imalowa anthu angati, nanga hayala ndi zingati. Pakabwera mitengo iwiri, wina wokwera wina wotsika kwambiri, msungichuma amatenga wotsikawo, gulu n'kumuwombera m'manja kuti wasamala thumba.

Koma kutsika kwa mtengoko kumachokera kuti? Dizilo wochoka pa Dedza kukafika ku Monkey Bay onse amagula mtengo umodzi. Wodutsa pa tollgate ya Kalinyeke kapena ya Chingeni amalipira molingana ndi kukula kwa galimoto yake, sayang'ana nkhope. Nthawi zina mwini galimoto ndi mkhristu mnzathu ndipo wangotsitsa mwachifundo, zimenezo zilipo. Koma kawirikawiri ndalama imene yachoka pa mtengoyo ndi ya pepala lina limene mwiniyo sanalipire, ndipo pepala lililonse mwa amenewa likuimira chinthu chenicheni: mabuleki amene anayesedwa, dalaivala amene anapimidwa maso, kampani ya inshuwalansi imene idzalipire chipatala mwana wanu akathyoka mwendo.

Nkhaniyi imasokoneza anthu chifukwa palibe ofesi imodzi imene imapereka chiphaso chimodzi chonena kuti kampani iyi ndi yonyamula anthu apaulendo wokaona malo. Malamulo ake anamwazikana m'maofesi angapo. Msana wake ndi lamulo la Road Traffic Act la 1997, limene limayendetsedwa ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, amene tonse timangowatchula kuti a Road Traffic, mothandizana ndi apolisi apamsewu. Lamuloli limayang'ana zinthu zitatu padera: galimoto, woiyendetsa, ndi munthu kapena kampani imene ikuchita bizinesi ndi galimotoyo. Chimodzi chikhoza kukhala bwino, ziwiri zili zolakwika.

Tiyambe ndi galimoto. Imene imanyamula anthu molipiritsa imalembetsedwa mosiyana ndi ya munthu payekha, ndipo chizindikiro chimene aliyense angachione ali chapatali ndi nambala yofiira. Sienta kapena minibasi ya nambala wamba imene yabwera kudzakutengani pa hayala ikugwira ntchito imene sinalembetsedwere. Ambiri timaona ngati imeneyo ndi nkhani ya mwiniyo ndi apolisi, ife sizikutikhudza. Zikutikhudza kwambiri, tikafika pa inshuwalansi muona chifukwa chake.

Kenaka pali COF, chiphaso chonena kuti galimoto yayesedwa ndipo yapezeka yoyenera kuyenda pamsewu. Oyesa amaona mabuleki, chiwongolero, matayala, magetsi, magalasi, hutala, ngakhalenso thupi la galimotoyo ngati silinadyeke ndi dzimbiri. Chiphasochi chili ndi tsiku lothera, ndipo kapepala kake kamamatidwa pagalasi lakutsogolo, pafupi ndi ka inshuwalansi. Pitani mukaime pagalasipo, muwerenge nokha. Onani tsiku, onaninso ngati nambala yolembedwa pakapepalapo ikufanana ndi imene ili kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri.

Komabe tisaike mtima wonse pa COF. Imangonena za tsiku limene galimoto inayesedwa. Pali eni ena amene amabwereka matayala abwino kwa anzawo tsiku loyesetsa, madzulo ake n'kubwezeretsa osalala aja. Ndiye maso anu akufunikabe. Gwadani muone tayala ngati mizere yake ikuonekabe, ngati m'mbali mulibe ming'alu kapena chotupa. Pambali pa tayala pali zilembo DOT, ndipo kumapeto kwa mzere umenewo kuli manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa. Mukaona 2318, ndiye kuti linapangidwa sabata la 23 m'chaka cha 2018. Matayala ambiri a kaunjika amabwera mizere ikuoneka bwino koma mphira wake utakalamba, ndipo tayala lotere ndi limene limaphulika likakumana ndi phula lotentha la kuchigwa mu Okutobala. Funsaninso la sipeya, jeke, ndi chozimitsira moto.

Ndikutsindika za mabuleki ndi matayala chifukwa cha malo amene tikukhala. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe madzi a nyanja ya Malawi ali pansi pa mamita 500. Ulendo uliwonse wochoka kwathu kupita kunyanja ndi wotsika mamita oposa 1,000, ndipo wodzera pa Masasa kutsikira ku Golomoti amatsika gawo lalikulu la mtundawo m'makhotakhota a Khwekhwerere, pamtunda waufupi. Anzathu a ku Ntcheu nawonso sangafike kuchigwa osatsika phiri. Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Pamalo athyathyathya imagwira pang'ono n'kuzizira. Pamtsetse wautali, dalaivala akamangoponda osalekeza, zitsulo zimatentha mpaka mapadi amayamba kutsetsereka m'malo moluma, ndipo mafuta a mabuleki akakhala akalekale, amene anamwa chinyezi, amawira. Akawira mumalowa mpweya, phazi limangopita pansi, galimoto osamva. Chenjezo lake limayamba ndi fungo, lija lopsereza ngati mphira wagwera pa mbaula, lochokera kumawilo. Galimoto ikalemera kwambiri zonsezi zimachitika msanga.

Dalaivala wodziwa msewu umenewu amalowetsa giya yaikulu, ija yokwerera phiri, asanayambe kutsika, injini ndiyo imagwira galimoto, ndipo ngati ndi kosita yokhala ndi buleki ya ekizozi amaitsegula. Injini imalira mokweza, galimoto imayenda ngati ikukwawa, achinyamata kumbuyo amayamba kukuwa kuti "Madala, tikafika mawa?" Ameneyo ndiye dalaivala wofunika kumugwira dzanja mukafika pa Golomoti. Amene amachotsa giya pamtsetse kuti apulumutse dizilo akutchova juga ndi miyoyo ya anthu onse ali m'katimo.

Apa ndi pamene nkhani ya chiphaso cha dalaivala imalowera. Malaisensi athu amatsata magulu amene mayiko a SADC anagwirizana. Gulu B ndi la magalimoto osapitirira makilogalamu 3,500, C1 ndi la oposa pamenepo mpaka makilogalamu 16,000, ndipo C ndi la olemera kuposa apo. Kosita imagwera mu C1, kotero munthu wa laisensi ya B, ngakhale atayendetsa Sienta zaka zambiri, saloledwa kuigwira. Pamwamba pa laisensi, wonyamula anthu molipiritsa amayenera kukhala ndi chilolezo china chotchedwa PrDP. Chili m'magulu: G ya katundu, P ya anthu, D ya katundu woopsa monga mafuta. Inu mukufuna kuona P. Chilolezochi chimakhala ndi nthawi yothera ndipo pochitenga munthu amayenera kupimidwa kuchipatala. Cholinga chake n'chakuti amene maso ayamba kuchita chidima, kapena amene ali ndi matenda ogwetsa mwadzidzidzi, adziwike asanakhale kutsogolo kwa anthu 28.

Pali zinthu ziwiri zokhudza dalaivala zimene pepala lililonse silingazigwire, ndipo pa ziwirizi ife apaulendo ndife olakwa kawirikawiri. Choyamba ndi tulo. Ulendo wa tsiku limodzi wopita ku Cape Maclear umanyamuka tambala woyamba, ndipo mwina dalaivalayo dzulo lake wafika usiku kuchokera ku hayala ina. Kunyanja ife tikusambira, iye akulondera katundu wathu m'galimoto yotentha. Nthawi yonyamuka kubwerera tinagwirizana 3 koloko, koma anthu akukoma nawo madzi, tinyamuka dzuwa litalowa, ndiye akwere phiri mumdima maso akulemera, ife tonse tili mtulo kumbuyo. Chachiwiri ndi mowa. Lamulo limaletsa kuyendetsa utamwa, apolisi ali ndi zida zoyezera mpweya, koma kangati ndi ife tomwe amene timamutengera botolo kuti "Achimwene, zizirani kukhosi, mwatiyendetsa bwino"? Mtsogoleri wa gulu anene poyera, ulendo usanayambe, kuti dalaivala wathu lero sapatsidwa mowa ndi wina aliyense, ndipo apatsidwe chakudya ndi malo amthunzi ogona masana. Ulendo ukakhala wautali, kampani yolongosoka imatumiza madalaivala awiri, ndipo mtengo wake umakwererapo. Ndalama imeneyo musaidandaule.

Chachitatu chimene lamulo la pamsewu limayang'ana ndi mwini bizinesi. Iye amalembetsa kwa a Road Traffic monga woyendetsa ntchito ya mtengatenga, ndipo galimoto yake imayenera kukhala ndi chilolezo chotchedwa road service permit, chimene chimanena mtundu wa ntchito yomwe yaloledwa kugwira. Nzeru yake ndi yakuti pakalakwika zinthu, mlandu usamangothera pa dalaivala, amene nthawi zambiri ndi waganyu wongolandira makiyi. Mwiniyo ali ndi udindo woonetsetsa kuti galimoto ili bwino ndiponso kuti amene wamupatsa makiyi ali ndi ziphaso. Minibasi imene tsiku ndi tsiku imayenda pakati pa Dedza ndi Lilongwe ikapatsidwa hayala yopita ku Senga Bay, funsani mwiniyo ngati chilolezo chake chikulola ulendo wotero. Akazengereza kuyankha, dziwani kuti mukhoza kukathera maola pa rodibuloko ana akulira njala, dalaivala ali kuseri akunong'onezana ndi wapolisi.

Tsopano inshuwalansi, imene ndi pamene ambiri timagwa chagada. Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu m'dziko muno imayenera kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze. Koma inshuwalansi ndi mgwirizano, ndipo mgwirizanowo umanena ntchito imene galimoto izigwira. Ya galimoto ya munthu payekha ndi yotsika mtengo chifukwa mwiniyo analonjeza kuti sazinyamula anthu molipiritsa. Akaswa lonjezolo n'kuchita ngozi, kampani ya inshuwalansi imakhala ndi poyambira kukana kapena kukokera nkhani kukhoti. Ya galimoto yonyamula anthu ndi yokwera mtengo, imaphatikiza okwera, ndipo imawerengera mipando imene galimotoyo inalembetsedwa. Kosita yolembedwa anthu 29 ikanyamula 40, ovulala akayamba kufunsa chipepeso, nkhani ya kuchuluka kwa anthu ndi imene idzayambe kutulutsidwa. N'chimodzimodzi dalaivala akapezeka kuti analibe laisensi ya gulu loyenera. Ndiye muone mmene mapepala aja akulumikizirana: nambala yofiira, PrDP ndi chiwerengero cha mipando zonse zimakakumana patebulo la wa inshuwalansi.

Kukana kwa kampani sikutanthauza kuti mwini galimoto wapulumuka. Mukhoza kumusumira iyeyo. Koma ganizirani munthu amene chuma chake chonse chinali kosita yomweyo, imene tsopano yagona chammbali kuphompho. Ngakhale khoti litagamula mokomera inu, mukalanda chiyani? Banja limene bambo wake wapunduka limatsala ndi pepala la chigamulo m'manja, ndalama ya sukulu ya ana kulibe. Anthu amangoti tsoka silinunkha, pomwe kapepala kapagalasi kanali poyera m'mawa muja. Dziwaninso kuti ngakhale inshuwalansi yabwino imakhala ndi malire a ndalama imene ingalipire pa munthu mmodzi ndi pa ngozi imodzi, ndiye gulu lalikulu, makamaka sukulu, lili ndi ufulu wopempha kuona pepala lenileni la mgwirizanowo, osati kapepala kapagalasi kokha. Kampani ya inshuwalansi ikamazemba kulipira popanda chifukwa chomveka, madandaulo amapita ku banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani onse a inshuwalansi. Ndipo chilichonse chimayambira pa lipoti la apolisi ndi la kuchipatala, choncho ngozi ingachepe bwanji, musalole zoti tingokambirana pamudzi.

Za ana asukulu zimandiwawa mwapadera. Timati ndi ana, ang'onoang'ono, akhale atatu pampando wa awiri, ena pamiyendo ya anzawo, ena pa mabenchi oikidwa mkanjira. Komiti ya sukulu imachita zimenezi ndi mtima wabwino, kuti mwana wa mayi wosauka asatsale. Koma lamulo loti m'minibasi muzikhala anthu atatu pamzere silinabwere pofuna kuzunza eni minibasi, ndipo mwana wokhala mkanjira alibe chomugwira galimoto ikaima mwadzidzidzi, komanso watseka njira yothawira ena onse. Lole ndiye nkhani ina. Tonse tinakwerapo lole popita kumaliro kapena kumpira, ndipo m'midzi yambiri ya kwa Kachere kapena kwa Kasumbu palibenso galimoto ina imene ingapezeke msanga. Koma lole inalembetsedwa kunyamula katundu, ilibe mipando, ilibe denga loteteza ikagubuduka. Ngati ndalama sizikukwana basi, ndi bwino kufupikitsa ulendo kusiyana ndi kukweza ana pa lole kutsika nawo Khwekhwerere. Ana a pa Dedza safunika kupita kutali kuti aone chodabwitsa: Chongoni ili pakhomo pomwepa, ndi malo 127 a zojambula zamakedzana amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Mphunzitsi wotsogolera ulendo aonetsetsenso kuti ofesi ya maphunziro ya m'boma ikudziwa, makolo avomera molemba, ndipo mndandanda wa mayina a ana wina uli m'galimoto wina watsala kusukulu.

Mpaka pano takamba za amene amangobwereketsa galimoto ndi dalaivala. Koma zaka zapitazi kwabuka mtundu wina wa bizinesi. Mnyamata kapena mtsikana wochangamuka amaika chithunzi cha nyanja pa Facebook kapena pa WhatsApp, n'kulemba mtengo umodzi wophatikiza mayendedwe, chakudya, malo ogona ndi bwato, ndalama tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba. Galimoto si yake, akachita hayala. Munthu ameneyu sakuchitanso za mtengatenga chabe, akugulitsa ulendo, ndipo ntchito imeneyo ili m'manja mwa a zokopa alendo. Kuchokera pa lamulo la Tourism and Hotels Act la 1968, boma lakhala likupereka ziphaso kwa mahotela ndi malo ogona, ndipo dongosolo lomwelo linafikanso kwa makampani oyendetsa alendo, ogulitsa maulendo ndi obwereketsa magalimoto. Kampani yeniyeni ya maulendo imayenera kukhala ndi mbali zonse ziwiri: chiphaso cha zokopa alendo pa bizinesi yake, ndi mapepala a Road Traffic pa galimoto iliyonse imene ikugwiritsa ntchito, kaya ndi yake kaya ndi yobwereka. Pansi pa zonsezi pali zija za bizinesi ina iliyonse, kulembetsa dzina la bizinesiyo kuboma, nambala ya msonkho ku MRA, ndi laisensi ya kukhonsolo.

Achinyamata amenewa sindikuwanyoza. Akuchita chinthu chimene makampani akuluakulu a ku Lilongwe, amene maso awo ali pa alendo akunja, sanachilabadire: kutengera Mmalawi wamba kukaona dziko lake pa mtengo umene angaukwanitse. Ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902 ndipo bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni mu 1976, kuli mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao imene mwana wa ku Dedza ayenera kuiona ndi maso ake, ndipo ambiri afikako chifukwa cha maulendo otere. Vuto ndi lakuti wokonza ulendo wosalembetsa alibe adiresi. Ulendo ukalephereka, foni yazima, ndalama za anthu 30 zapita. Kukachitika ngozi, iye akuloza mwini basi, mwini basi akuloza iye. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula amene apusitsidwa, ndipo kuba ndalama mwachinyengo ndi mlandu wa kupolisi, koma onsewa amafuna dzina lenileni ndi umboni. Musanatumize ndalama, funsani dzina la bizinesi limene analembetsa, ndipo sungani mauthenga onse.

Ife a m'malire tilinso ndi nkhani yathu. Msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'mphepete mwenimweni mwa Mozambique, pa Lizulu munthu amawoloka msewu n'kupezeka ali dziko lina, ndiye tinazolowera kuona malire ngati si kanthu. Koma basi yodzaza anthu ikafika pachipata cha Dedza kapena cha Biriwiri, malire amakhala enieni. Pamafunika chilolezo chonyamula anthu kudutsa malire, mapepala a umwini wa galimoto, kalata ya mwiniyo ngati sali pomwepo, chilolezo cha a kasitomu cholowetsa galimoto kwa kanthawi, ndi ziphaso zoyendera za munthu aliyense. Inshuwalansi ya kuno siwoloka yokha. Achewa opita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa Ogasiti, galimoto yawo ikhoza kugwiritsa ntchito Yellow Card, inshuwalansi yowoloka nayo malire ya bungwe la mayiko la COMESA, imene imagulidwa ku makampani a inshuwalansi konkuno. Mozambique si membala wa COMESA, kotero wolowera kumeneko akonzekere kugula inshuwalansi ya dzikolo. Mwini galimoto amene sanawolokepo malire ndi anthu akhoza kukulonjezani ndi mtima wonse, osadziwa kuti theka la zimenezi alibe.

Mukafika kunyanja, lamulo la pamsewu limathera pamchenga. Bwato limene likutengereni kuchilumba lili pansi pa nthambi ya zapamadzi ya Marine Department, ndi malamulo akeake a chiwerengero cha anthu ndi majekete oyandamitsa. Anthu a kumapiri ambiri sitidziwa kusambira. Jekete likhale pathupi, lomangidwa, bwato lisanachoke.

Kunena chilungamo, dongosolo lonseli limalemera kwambiri pa wabizinesi wamng'ono wa m'boma ngati lathu. Wa pa Dedza ayende makilomita oposa 80 kupita ku Lilongwe kukatsata mapepala, akapeza netiweki ya MalTIS, makompyuta a ku Road Traffic, yagwa, abwerenso mawa, galimoto ili chiimire osapanga ndalama. Wa ku Ntcheu ndiye ali pakatikati, kulikonse n'kutali. Ofesi iliyonse ili ndi fomu yake, ndalama yake ndi tsiku lake lothera. Amene wapirira zonsezi n'kulipira inshuwalansi yoyenera amabwera pamsika ndi mtengo wokwera, n'kupeza hayala yatengedwa ndi mnzake amene alibe kalikonse koma amadziwa kupinda kandalama m'kati mwa laisensi pa rodibuloko. Chiphuphu chapamsewu chimalanga wosunga lamulo kawiri, ndipo mapeto ake nayenso amatopa n'kusiya. Mabungwe monga la eni minibasi la MOAM ndi loona za ufulu wa apaulendo la PAWA alipo, koma mphamvu yoimitsa galimoto pamsewu ili ndi apolisi ndi a Road Traffic.

Ine ndimaona kuti pali zinthu zosafuna ndalama zambiri zimene zingasinthe nkhaniyi. Khonsolo ya Dedza kapena ya Ntcheu, mogwirizana ndi a Road Traffic, itamamata pa bolodi mndandanda wa magalimoto a hayala a m'bomalo amene mapepala awo ali bwino, mphunzitsi wamkulu kapena mkulu wa mpingo sakanavutika kufufuza yekha, ndipo mwini galimoto akanaona phindu la kukhala pa mndandandawo. Ofesi ya maphunziro itamakana kuvomereza ulendo wa sukulu popanda makope a COF, inshuwalansi ndi PrDP, eni magalimoto akanasintha msanga kuposa mmene chindapusa chingawasinthire, chifukwa masukulu ndi mipingo ndiwo makasitomala awo aakulu. Ndipo nyengo ya Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo, pamene magalimoto a hayala amachuluka pa M1, oyesa magalimoto atamabwera kufupi ndi anthu masabata angapo mwambo usanafike, ambiri akanakonza zinthu nthawi ilipo.

Pamene zimenezo sizinachitike, woyang'anira womaliza ndi amene wagwira ndalama ya gulu. Chimatilepheretsa ndi manyazi. Mwini galimoto ndi munthu wamkulu, mwina ndi mkulu wa mpingo, mwina ndi atsibweni a wapampando, ndiye kumufunsa mapepala kumaoneka ngati kumunyoza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pali njira yofunsira mwaulemu: "Bambo, komiti yatituma kuti tisunge makope a mapepala a galimoto ndi a adalaivala mufayilo yathu, mutithandize tisanapereke dipoziti." Wolongosoka sakwiya, amangotumiza zithunzi pa WhatsApp tsiku lomwelo, chifukwa mapepalawo anawavutikira ndipo amasangalala kuti wina wawafunsa.

Mukagwirizana, lembani pepala, ngakhale la pamanja, nonse musayine. Mulembemo tsiku, kopita, njira yodzera, nthawi yonyamuka kubwerera, mtengo wonse ndi zimene waphatikiza, amene alipire pa tollgate ndi chakudya cha dalaivala, chiwerengero cha anthu, ndiponso chimene chidzachitike galimoto ikafera panjira: ndani apeze ina, ndi ndalama ya ndani. Koposa zonse lembani nambala ya galimoto ndi dzina la dalaivala. Zimachitika kuti mwaona kosita yabwino Lachitatu, Loweruka mbandakucha n'kubwera ina yakutha ndi mnyamata wina pachiwongolero, ati ija yapita ku hayala ya ku Blantyre. Nthawi imeneyo anthu avala kale, nsima ndi nkhuku zili m'mabeseni, ana akuimba, ndipo kukana kumafuna mtima wolimba. Ngati pepala lija linanena kuti galimoto ikasinthidwa popanda kukudziwitsani dipoziti ibwezedwa yonse, mtsogoleri amakhala ndi poimira, ndipo akhoza kutenga tochi n'kuyamba kuwerenga zapagalasi la galimoto yatsopanoyo asanalole munthu aliyense kukwera.